Ana awiri kapena atatu ku koleji nthawi imodzi ku America: fizi ichokera kuti?

Makalata ochokera ku makoleji amayamba kufika cha mu Malichi, ndipo pofika pa 1 Meyi makoleji ambiri a ku America amafuna mwana akhale atayankha ngati akubwera kapena ayi. Kholo la mwana mmodzi limawerenga makalatawo, n'kusankha imene lingakwanitse, nkhani n'kutha. Koma ngati wamkulu ali kale chaka chachiwiri, wotsatira akumaliza sekondale, ndipo kachitatu kakubwera m'mbuyomo, masamu ake ndi ena. Dola iliyonse imene mwalonjeza woyamba mwaichotsa m'thumba la wachitatu, ngakhale iye sakudziwa.

Ndiyambe ndi malangizo amene mungamve kwa mnzanu wa kuntchito amene ana ake anamaliza zaka zingapo zapitazo: "Musade nkhawa, akakhala awiri ku koleji gawo lanu amaligawa pawiri." Sakunama ayi, kungoti nkhani yakeyo ndi yakale. Thandizo la boma limayambira pa fomu yaulere yotchedwa FAFSA, imene mwana aliyense amadzaza yakeyake chaka ndi chaka. Kale fomuyi inkatulutsa nambala yotchedwa EFC, yosonyeza ndalama zimene banja liyenera kupereka lokha, ndipo gawo la makolo linkagawidwa malinga ndi kuchuluka kwa ana amene ali ku koleji. Lamulo limene aphungu anavomereza mu Disembala 2020 linasintha kawerengedwe kameneka, ndipo linayamba kugwira ntchito m'chaka cha maphunziro cha 2024–25. M'malo mwa EFC munabwera nambala ina yotchedwa SAI, kugawa kuja n'kuthera pomwepo. Funso lakuti muli ndi ana angati ku koleji likadali pa fomu, koma yankho lanu sililowanso m'masamu a boma.

Tiyerekeze kuti masamuwo akuti makolo angathe kupereka $30,000 pachaka, ndipo ana awiri ali pa makoleji odya $40,000 iliyonse. Kale mwana aliyense ankalembedwa $15,000, choncho ankaoneka kuti akuperewera $25,000. Lero aliyense amalembedwa $30,000 yonse, n'kuoneka kuti akuperewera $10,000 yokha. Malipiro a makolo ndi omwe aja, nyumba ndi yomwe ija, koma papepala banja likuyembekezeka kutulutsa $60,000.

Mabanja opeza zochepa sizinawakhudze kwenikweni, ena zinawayendera bwino. Kukula kwa banja kumawerengedwabe, ndipo banja limene malipiro ake ndi otsika poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu a m'nyumba lingapeze Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, imene yokwera kwambiri inali $7,395 pa mwana m'chaka cha 2025–26. Mwana aliyense amalandira yake. Amene nkhwangwa inawagwera ndi apakatikati: opeza zambiri moti Pell sawapatsa, koma osati zokwanira kulipira fizi ziwiri kuchokera m'thumba. Kumbukiraninso kuti thandizo la bomali ndi la nzika za America, okhala ndi green card, ndi magulu ochepa monga othawa kwawo ovomerezeka. Mwana amene ali pa viza ya F-1, ya ophunzira ochokera kunja, salipeza. Koma mwana amene ndi nzika amadzaza FAFSA ngakhale makolo ake alibe nambala ya Social Security.

Makoleji amene amawerengabe abale

Njira imene anthu ambiri amaithawa atangoona mtengo ndi imene nthawi zina imatsika kuposa zonse. Makoleji ambiri omwe si aboma, makamaka amene ali ndi chuma chochuluka, amagawa ndalama zawozawo pogwiritsa ntchito fomu ina, CSS Profile, ya bungwe la College Board. Popeza ndalamazo ndi zawo, sakakamizika kutsatira masamu a boma, ndipo ambiri mwa iwo amaganizirabe kuti m'banjamo muli m'bale wina amene akulipiridwa fizi. Fomuyi ndi yolipira, $25 pa koleji yoyamba ndi $16 pa iliyonse yowonjezera, koma mabanja opeza $100,000 kapena kucheperapo salipira.

Pamwamba penipeni pali mayunivesite monga Harvard ndi MIT, amene kuyambira mu 2025 salipiritsa fizi ya maphunziro kwa mabanja ambiri opeza mpaka $200,000 pachaka, ndipo kwa opeza mpaka $100,000 amalipira ndi malo ogona ndi chakudya chomwe. Zokoma kumva, koma amatenga ana ochepa kwambiri mwa amene amafunsira malo. Mwana ayesere ndithu, koma bajeti ya banja isamangidwe pamenepo. Pansi pa mayina otchukawa pali makoleji ena ambiri ooneka odula pa chikwangwani, amene mtengo wake weniweni umatsika kwambiri thandizo likachotsedwa. Koleji iliyonse yolandira ndalama za boma imayenera kukhala ndi chowerengera mtengo weniweni pa webusaiti yake. Chiyeseni kawiri: koyamba mulembe kuti mwana ali yekha, kachiwiri mulembe kuti ali ndi m'bale ku koleji. Nambala ikapanda kusuntha, mwadziwa kuti pamenepo abale sawawerengera.

CSS Profile ili ndi minga yake. Imafunsa zinthu zimene FAFSA sifunsa, monga mtengo wa nyumba imene mukukhalamo, ndipo makolo akakhala kuti anasiyana, makoleji ambiri amafunanso kudziwa chuma cha kholo linalo. Banja limene linalipira kale gawo lalikulu la nyumba lingadabwe kuona kuti likuoneka lolemera chonsecho ku banki kulibe kanthu. Ndipo pali msampha wina umene umagwira mwana wamng'ono. Thandizo limene analandira chifukwa chakuti mkulu wake analinso ku koleji limatsika mkuluyo akangomaliza. Chaka choyamba ndi chachiwiri zimayenda bwino, chachitatu kalata imabwera ndi nambala ina, pamene mwana wazolowera kale malo, ali ndi anzake, ndipo kumusamutsa n'kovuta. Musanavomere, funsani ofesi ya thandizo mafunso atatu awa mwa kalata, kuti yankho likhale lolembedwa: thandizoli lidzakhala bwanji m'bale wake akamaliza? Kodi m'bale amene ali pa koleji yotchipa amamuwerengera mofanana ndi amene ali pa yodula? Nanga mkuluyo akapitiriza digiri yachiwiri, mudzamuwerengabe? Makoleji amayankha mosiyanasiyana.

Kupempha kuti aunikenso

Iyi si njira yodziimira payokha, koma ndaiika pafupi ndi pamwamba chifukwa siidya ndalama iliyonse ndipo makolo ambiri amachita nayo manyazi. Lamulo limapatsa mphamvu akuluakulu a ofesi ya thandizo kusintha manambala a mwana ngati banja lili ndi vuto lapadera. FAFSA imagwiritsa ntchito msonkho wa zaka ziwiri zapitazo, choncho ngati ntchito inatha chaka chatha, kapena panali matenda odya ndalama, fomuyo sikudziwa. Kukhala ndi ana angapo ku koleji nakonso mungakutchule, ngakhale koleji ili ndi ufulu wokana.

Kalata yabwino imakhala yaifupi. Ndinaonapo ina ya masamba atatu, yofotokoza mmene mtsikana wa m'banjalo anayambira kukonda sayansi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mmene bambo ake amagwirira ntchito usiku, mpaka pamapeto osatchula kuti akupempha ndalama zingati. Woiwerenga ali ndi mulu wa makalata ngati amenewo. Chimene akufuna ndi tsamba limodzi: dzina ndi nambala ya mwana, dzina la koleji ya m'bale wake, ndalama zimene mukulipira kumeneko pachaka mutachotsa thandizo, kope la bilu yake, ndi ndalama zimene zikuperewera kuti mwana abwere. Ngati koleji ina yofanana nayo yapereka zambiri, ikanimo kalata yakeyo mwaulemu. Mulembere koleji ya wamng'ono, mulemberenso ya wamkulu, chifukwa nayonso zinthu zasintha kuchokera pamene inamulandira. Safunsa anadya phula.

Powerenga makalata a thandizowo khalani ndi cholembera m'manja. Makoleji ena amasakaniza ngongole ndi mphatso pa mndandanda umodzi, pansi n'kulemba kuti mwatsala ndi zero yoti mulipire. Dulani mzere uliwonse umene uli ndi mawu akuti loan, muikenso pambali work-study, chifukwa imeneyo ndi ntchito imene mwana ayenera kuipeza ndi kuigwira asanaone ndalama yake. Zotsalazo ndiye thandizo lenileni.

Kutsitsa mtengo m'malo mosaka thandizo

Kwa banja lapakatikati lija, njira yodalirika kwambiri kawirikawiri ndi yunivesite ya boma ya m'chigawo chimene mukukhala. Okhala m'chigawomo amalipira zochepa kwambiri kuposa ochokera kwina, ndipo mtengo wake mungauone patali, sudalira kuti m'bale ali kuti. Vuto n'lakuti mayunivesite amenewa ambiri amangotsatira FAFSA, choncho musayembekezere kuti akumverani chisoni chifukwa cha mwana wachiwiri. Mwana akafuna kutuluka m'chigawo, yang'anani mapangano a zigawo zoyandikana. Kumadzulo kwa dzikolo kuli Western Undergraduate Exchange, imene imalola mwana kulipira zosapitirira 150 peresenti ya fizi ya eni chigawo pa makoleji amene ali m'panganolo.

Yotchipa kuposa pamenepo ndi community college, koleji ya zaka ziwiri imene mwana amaphunzira akugonera kunyumba, kenako n'kusamukira ku yunivesite kukamaliza zaka ziwiri zotsala. Digiri imalembedwa dzina la kumene wamalizira. Ku California njirayi ndi yoyalidwa bwino, pali mapangano otsimikizira mwana malo pa ena mwa masukulu a University of California akakwaniritsa zofunika. Choopsa chake ndi maphunziro amene yunivesite imakana kuwawerengera mwana akasamuka. Akataya theka la chaka motero, zimene munapulumutsa zayamba kubwerera. Mwana akhale ndi mndandanda wa maphunziro ovomerezeka kuyambira tsiku loyamba. Ndipo tinene zoona, njirayi imafuna mwana wodziyendetsa yekha. Wina amene amafunika kumudzutsa m'mawa akhoza kutha zaka zitatu akuzungulira pamalo amodzi.

Sikolashipu zoperekedwa chifukwa cha kukhoza bwino zili ndi ubwino umodzi waukulu kwa banja la ana ambiri: sizisintha m'bale akalowa kapena akamaliza. Zimapezeka kwambiri pa makoleji amene mwana wanu ali m'gulu la okhoza kwambiri mwa ofunsira malo, osati kumene walowa movutikira. Funsani magiredi amene ayenera kusunga kuti isalandidwe. Makoleji ena omwe si aboma amachotserako fizi abale awiri akakhala pamalo amodzi. Ndi bwino kufunsa, koma si chifukwa chokwanira chotumizira mwana kumene kulibe maphunziro amene akufuna.

Ngongole zitatu zosafanana

Ngongole ya boma yolembedwa dzina la mwana ndiyo yofatsa. Ili ndi malire: $5,500 chaka choyamba, $6,500 chachiwiri, $7,500 chachitatu ndi chachinayi, zonse pamodzi $27,000 pa zaka zinayi. Safunsa mbiri ya ngongole, chiwongoladzanja chake m'chaka cha 2025–26 chinali 6.39 peresenti, ndipo kwa amene awonedwa kuti ndi osowa, gawo lina boma limalipirira chiwongoladzanja mwana akadali pasukulu. Kwa banja la ana atatu ubwino wake ndi wakuti katundu amagawanika: aliyense amasenza wake, ndipo aliyense ali ndi zaka zambiri zogwira ntchito kutsogolo. Ineyo ndimaona kuti mwana aliyense kutenga ngongole imeneyi n'kwanzeru kuposa kholo kukongolera onse.

Parent PLUS ndi nkhani ina. Ndi ya boma, koma imalembedwa dzina la kholo, ndipo mwalamulo singasamutsidwire kwa mwana, ngakhale atalumbira patebulo kuti adzalipira yekha. Chiwongoladzanja chake chinali 8.94 peresenti mu 2025–26, kuphatikiza 4.228 peresenti imene amadula ndalama isanafike n'komwe. Mukakongola $20,000, kusukulu kumafika pafupifupi $19,150, ndipo chaka chilichonse ngongoleyo imabereka pafupifupi $1,790. Kwa zaka zambiri kholo linkatha kukongola mtengo wonse wa koleji popanda wina kufunsa ngati lidzakwanitse kubweza, ndipo ndi mmene makolo ena afikira pa msinkhu wopuma ntchito ali ndi ngongole ya ana atatu pamutu. Lamulo limene linasainidwa mu Julaye 2025 linaika malire kuyambira pa 1 Julaye 2026: $20,000 pachaka ndi $65,000 yonse pa mwana mmodzi. Malirewo ndi a mwana aliyense, choncho wa ana atatu angathebe kufika $195,000. Kuti boma lalola sizitanthauza kuti msana wanu ungathe. Komanso zaka zinayi za $20,000 ndi $80,000, kupitirira malire aja, ndiye amene wadalira njirayi kuyambira chaka choyamba adzapeza chitseko chotseka mwana ali chaka chomaliza. Chabwino chake n'chakuti kholo kapena mwanayo akamwalira, ngongoleyo imafafanizidwa. Ndipo kholo likakanidwa chifukwa cha mbiri yoipa ya ngongole, mwana amaloledwa kuwonjezera yake ndi $4,000 pachaka m'zaka ziwiri zoyamba ndi $5,000 m'zotsatira.

Ngongole za mabanki ndiziika kumapeto. Kholo la mbiri yabwino lingapeze chiwongoladzanja chotsikirapo kuposa Parent PLUS, koma pafupifupi nthawi zonse amafuna wamkulu asainire limodzi ndi mwana, ndipo zinthu zikavuta mabanki sakhala ndi chifundo chimene boma limakhala nacho. Kusainira woyamba kumachepetsanso mwayi wanu wodzasainira wachiwiri, chifukwa banki imaona ngongoleyo ngati yanu.

Zosunga ndi za msonkho

Amene anayamba kale kusunga mu akaunti ya 529, akaunti yapadera yosungira ndalama za maphunziro a mwana, ali ndi ufulu umene ambiri sagwiritsa ntchito: dzina la mwana pa akauntiyo lingasinthidwe kupita kwa m'bale wake popanda msonkho. Wamkulu akapeza sikolashipu, zake zipite kwa wamng'ono. FAFSA imawerengera zosaposa 5.64 peresenti ya chuma cha makolo, pamene ndalama zimene zili m'dzina la mwana imazidya 20 peresenti, ndiye musamaunjike ndalama mu akaunti wamba ya mwana chaka chimene akufunsira thandizo. Ndalama za penshoni sizilembedwa pa FAFSA, chimene ndi chifukwa china chosazikhudzira. Ndalama zochokera mu 529 ya agogo nazo sizichepetsanso thandizo la boma monga zinkachitira kale.

Pa msonkho ndi pamene kukhala ndi ana angapo kumapindulabe. American Opportunity Tax Credit imabweza mpaka $2,500 pa mwana aliyense m'zaka zinayi zoyamba za koleji. Awiri ndi $5,000, atatu $7,500. Inzake, Lifetime Learning Credit, imathera pa $2,000 pa banja lonse kaya ana ndi angati. Kuti mupeze $2,500 yonse muyenera kulipira $4,000 ya fizi kapena mabuku a mwanayo ndi ndalama zosachokera mu 529, chifukwa dola imodzi singakhululukidwe msonkho kawiri. Makolo olemba msonkho limodzi imayamba kuwachepera akadutsa $160,000 ndipo imatha pa $180,000.

Nanga kuchedwetsa mmodzi? Kale makolo ena ankauza wamkulu kuti adikire chaka kuti alowe limodzi ndi mng'ono wake, gawo lija ligawike. Pa makoleji otsatira FAFSA yokha nzeru imeneyi inatha ntchito. Panopa kutalikitsa anawo ndiko kumapepuza, chifukwa fizi ziwiri sizigwa mwezi umodzi. Komabe sindingauze mwana wokonzeka kuti akhale pakhomo chaka chathunthu pongofuna masamu akome, pokhapokha ngati chakacho ali ndi ntchito yeniyeni yosungirapo ndalama.

Tengani pepala, mulembe zaka kuchokera chaka chimene woyamba akulowa mpaka chimene womaliza akutuluka. Ana atatu osiyana zaka ziwiriziwiri amatenga zaka zisanu ndi zitatu, ndipo zinayi zapakati mumalipira awiri nthawi imodzi. Pansi pa chaka chilichonse lembani zimene mungatulutse m'malipiro, zimene zili mu 529, ngongole ya mwana aliyense ndi zobwera pa msonkho. Zonse pamodzi muzigawe patatu. Nambala imene yatulukayo muuze woyamba asanayambe kufunsira malo, akadali m'kalasi lachiwiri kuchokera kumapeto kwa sekondale, osati mu Epulo atagwira kale kalata ya koleji ya kumtima kwake ndi juzi yake atagula.

Kugawa mofanana sikuti aliyense alandire ndendende zofanana. Wina adzapeza sikolashipu, wina adzafuna maphunziro a zaka zisanu, wina adzasankha ntchito yamanja ya miyezi 18. Mabanja ena amati aliyense ali ndi gawo lake, akapulumutsa n'zake. Ena amati thumba ndi limodzi, aliyense atenge zimene akufunikira. Zonse ziwiri zimayenda, bola anawo azimve pakamwa panu ali onse pamodzi. Zimene zimasiya chilonda ndi zoti wachitatu adzazindikire yekha, ali ndi zaka 17, kuti mkulu wake anagona ku hositelo ya koleji yodula zaka zinayi, iye n'kuuzidwa kuti basi yopita ku community college imanyamuka 7 koloko pakona.